Kaphikidwe ka laddu, chivda ndi thandai pa zikondwerero za Ahindu

Pa zikondwerero zikuluzikulu za Ahindu, ntchito ya kukhitchini imayamba kudakali masiku angapo, chifukwa zakudya zimene mlendo amapatsidwa akafika pakhomo sizikonzedwa tsiku lomwelo. Diwali imachitika mu Okutobala kapena mu Novembala, pa usiku umene mwezi suoneka kumwamba, ndipo mabanja amayatsa tinyali tadothi totchedwa diya, amapembedza Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma, komanso ambiri amakumbukira kubwerera kwa mulungu Rama kumzinda wa kwawo wa Ayodhya atakhala kunkhalango zaka 14. Holi imabwera kumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi, mwezi ukakhala wathunthu, pamene kumpoto kwa India kuzizira kwatha ndipo kutentha kwayamba kumveka. Ku Maharashtra, dera la kumadzulo kwa India, zakudya zonse za Diwali zokonzeratu zimatchedwa faral, ndipo mbale yake simasowa timipira totsekemera totchedwa laddu ndi chakudya chamchere chokazinga chotchedwa chivda. Ku Gujarat, dera loyandikana nalo, tsiku lotsatira Diwali ndi chaka chatsopano, ndipo anthu amayenderana m'makomo kuyambira m'mawa, aliyense n'kulandiridwa ndi mbale ya zotsekemera ndi zamchere.

Pano ndifotokoza kaphikidwe ka zinthu zitatu: besan laddu, chivda, ndi chakumwa cha mkaka chotchedwa thandai. Zosakaniza zake si zambiri, ndipo pafupifupi zonse zimapezeka m'masitolo a amwenye ogulitsa zokometsera ku Limbe, ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Chimene chimalepheretsa anthu ambiri si kusowa kwa zipangizo koma moto. Tinazolowera moto wa nsima, umene umafuna mphamvu, pamene zakudya izi zimafuna moto wofatsa ndi munthu amene sachoka pa chitofu.

Musanayambe, dziwani mwambo umodzi ngati mukuphikira banja lachihindu kapena mukuthandiza m'nyumba mwawo. Chakudya cha chikondwerero chimaperekedwa kaye kwa mulungu pa malo opempherera a m'nyumba, ndipo chikatero chimatchedwa prasad n'kugawidwa kwa onse. Pa chifukwa chimenechi, m'mabanja ambiri wophika amayamba wasamba, salawa chakudya chisanaperekedwe, ndipo sagwiritsa ntchito nyama, mazira, anyezi kapena adyo. Miyambo imasiyana banja ndi banja, choncho funsani eni nyumba musanagwire mthiko.

Kukonza ghee

Ghee ndi mafuta a batala amene achotsedwa madzi ndi zotsalira za mkaka, ndipo ndiye maziko a laddu. Amagulitsidwa m'zitini, koma wokonza nokha amanunkhira bwino kuposa wogula. Tengani batala wopanda mchere wolemera magalamu 500, mumudule m'zidutswa ndi kumuika m'poto wokhuthala pansi. Akasungunuka, chepetsani moto kuti azingowira pang'onopang'ono. Poyamba pamwamba padzachita thovu loyera ndipo mudzamva kuthetheka, kumene kukusonyeza kuti madzi akuchoka. Pakatha mphindi 20 kapena 25 kuthetheka kudzachepa, mafuta adzayera mbee n'kuoneka achikasu ngati uchi wopepuka, ndipo pansi pa poto padzakhala timibulu tofiirira. Phulani nthawi yomweyo, chifukwa timibulu timeneti tikada, mafuta onse amawawa. Akazizirako, sefani ndi kansalu koyera m'botolo lagalasi louma bwino. Mudzapeza ghee wa magalamu pafupifupi 400, amene amakhala milungu ingapo kunja kwa furiji ngati supuni yonyowa simulowamo. Majarini sangalowe m'malo mwa batala pa ntchito imeneyi, ndipo ndikulangizani kuti musayese n'komwe.

Besan laddu

Besan ndi ufa wa tchana chaching'ono chochotsedwa makoko, chimene amwenye amachitcha chana dal, ndipo dzina lathu loti tchana linachokera komweko. Pogula, funsani ufa wokhakhala pang'ono, chifukwa wosalala kwambiri umakonda kumatirira m'kamwa. Ngati mukufuna kugayitsa nokha kuchigayo, tayani ufa woyamba kutuluka, popeza umasakanikirana ndi ufa wachimanga wotsalira m'makina. Kuti mupeze laddu pafupifupi 15, mufunika makapu 2 a besan, theka la kapu ya ghee, kapu imodzi ya shuga wosinja, ndi timakoko 6 ta elaichi, chokometsera chimene pamapaketi ena chimalembedwa kuti cardamom. Amene akufuna angawonjeze maalimondi kapena mbibu zodula tizidutswa, supuni 2 zazikulu.

Yambani ndi shuga. Musinjeni mumtondo woyera kapena m'makina opera mpaka asanduke ufa, kenaka mumusefe. Ku India ambiri amagwiritsa ntchito shuga wotchedwa boora kapena tagar, amene amawiritsidwa ndi madzi mpaka atauma n'kusanduka timchenga, ndipo ndiye amene amachititsa laddu kumveka mchengamchenga pa lilime, koma shuga wosinja pakhomo amakwanira. Tsegulani timakoko ta elaichi, chotsani tinjere takuda tam'kati ndi kutisinja pamodzi ndi supuni imodzi ya shuga kuti tisamathawe mumtondo. Sefaninso besan kuti musakhale mabulu.

Tsopano pafika ntchito yeniyeni. Ikani chiwaya chakuya ndi chokhuthala pamoto wochepa. Amwenye amagwiritsa ntchito chiwaya chozungulira chotchedwa kadai, koma poto aliyense wolemera pansi angathandize. Ngati mukuphika pa mbaula, chepetsani makala, dikirani kuti malawi athe, ndipo thirani phulusa pang'ono pamwamba pa makalawo kuti kutentha kukhale kofanana. Sungunulani ghee, koma siyani supuni imodzi pambali, kenaka thirani besan yense ndi kuyamba kutakasa ndi mthiko. M'mphindi zoyambirira ufa udzamwa mafuta onse n'kuchita mabulu olemera ngati dothi lonyowa, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amaganiza kuti mafuta achepa n'kuwonjezera ena. Musawonjezere. Pitirizani kutakasa, mukukanda mabuluwo ndi kupala pansi ndi m'mbali mwa chiwaya. Pakatha mphindi 12 kapena 15, ufawo udzayamba kufewa wokha ndi kutulutsa mafuta amene unamwa, dzanja lidzapepukidwa, ndipo chosakanizacho chidzayamba kuyenda ngati chiponde chofewa.

Kuchokera pamenepo maso ndi mphuno ndizo zidzakuuzani zochita. Mtundu udzasintha kuchoka pa chikasu chowala kufika pa chikasu chofiirira ngati mtedza wokazinga bwino, ndipo fungo la nyemba zaziwisi lidzatha, m'malo mwake nyumba yonse idzanunkhira. Kukazinga konse kumatenga mphindi 25 mpaka 30, ndipo pa nthawi yonseyi simuyenera kusiya mthiko, chifukwa besan amapserera pansi pamene pamwamba pakuoneka ngati sipanapse. Ufa ukapserera palibe chimene mungachite. Shuga sabisa kuwawa kwake. Ukaphulidwa usanapse, laddu amamatirira m'kamwa ndipo amavutitsa m'mimba. Mwa zolakwa ziwirizi, chofala kwambiri ndi chachiwiri, chifukwa mkono umatopa ndipo munthu amadzilimbikitsa kuti zatheka. Ine ndinaphula msanga nthawi yoyamba, ndipo laddu anaoneka bwino m'mbale koma palibe amene anatenga wachiwiri.

Mtundu ukafika pofunika, wazani supuni imodzi yaikulu ya madzi kapena mkaka pamwamba pake. Chosakanizacho chidzafufuma ndi kuchita thovu kwa kanthawi. Takasani mpaka thovulo litatha ndi madzi onse atauma, zimene zimatenga mphindi 2 kapena 3. Madzi amenewa amachititsa ufa kupanga timibulu ting'onoting'ono, ndiye laddu amamveka bwino pomutafuna. Ngati mukufuna kusunga laddu nthawi yaitali, gwiritsani ntchito madzi osati mkaka. Phulani ndi kukhuthulira chosakanizacho m'mbale yaikulu nthawi yomweyo, chifukwa chiwaya chokhuthala chimapitiriza kuphika ngakhale chili pansi.

Lamulo lachiwiri lalikulu ndi la shuga: musamuthire ufa udakali wotentha. Mukatero amasungunuka, chosakanizacho chimasanduka phala, ndipo chikazizira chimauma gwa. Dikirani mphindi 15 kapena 20 mpaka muthe kuikamo chala osapsa, koma chidakali chofunda. Pamenepo thirani shuga, elaichi ndi maalimondi ngati alipo, ndipo sakanizani ndi manja, mukufikisa pakati pa zikhatho kuti mabulu a shuga onse aphwanyike. Tapani chodzaza supuni 2 zazikulu, chifinyeni m'dzanja kangapo kuti chigwirane, kenaka chizungulitseni pakati pa zikhatho mpaka chikhale kampira kosalala ndi konyezimira. Ngati kampirako kakuphwanyika, sungunulani supuni ya ghee munasiya ija ndi kuithira pang'onopang'ono. Ngati kakuphwathalala mukakaika pansi, ndiye kuti chosakanizacho chidakali chotentha kapena mafuta achuluka. Chisiyeni pamalo pozizira kwa mphindi 20 ndi kuumbanso. Laddu akalimba, asungeni m'chitini chotseka bwino, ndipo adzakhala milungu 2 osawonongeka.

Chivda

Pambali pa chotsekemera pamafunika chamchere, ndipo chimenechi ndi chivda, chimene Agujarati amachitcha chevdo. Ambiri a ife timachidziwa m'mapaketi a m'sitolo, koma chophika pakhomo sichichuluka mafuta ndipo mlingo wa tsabola mumasankha nokha. Maziko ake ndi poha, mpunga umene unawiritsidwa udakali m'makoko, kenaka n'kuphwathalalitsidwa ndi kuumitsidwa. Ulipo wopyapyala ndi wokhuthala. Pa njira yokazinga popanda mafuta ambiri imene ndikufotokoza pano, gulani wopyapyala. Mufunika makapu 4 a poha, theka la kapu ya mtedza wosakazinga, kota ya kapu ya tchana chokazinga kale chotchedwa dalia, kota ya kapu ya kokonati wouma wodula timizere topyapyala, mbibu zodzaza dzanja, masamba 20 a mtengo wa curry, tsabola wobiriwira 2 kapena 3, supuni yaing'ono ya njere za mpiru, theka la supuni yaing'ono ya turmeric amene amwenye amamutcha haldi, hing wotsina ndi zala, mchere, supuni imodzi yaikulu ya shuga wosinja, ndi supuni 3 zazikulu za mafuta ophikira. Masamba a curry si ufa wa curry wothira m'ndiwo, ndipo chimodzi sichilowa m'malo mwa chinzake. Hing ndi utomoni wouma wa chomera china, wa fungo lamphamvu kwambiri, umene umagwira ntchito ya anyezi ndi adyo m'nyumba zimene ziwirizi sizidyedwa.

Sefani poha kuti fumbi lake lichoke, ndipo ngati kuli dzuwa, muyanikeni pa lichero kwa ola limodzi kapena awiri, chifukwa zimenezi zimafupikitsa ntchito ya pamoto. Kenaka mukazingeni m'chiwaya chouma pamoto wochepa, theka panthawi imodzi, kwa mphindi 5 mpaka 7. Musamutakase ndi mphamvu, chifukwa amafumbutuka. Ndi bwino kugwedeza chiwaya kapena kumutembenuza mofatsa ndi chipande chophwathalala. Sayenera kusintha mtundu. Wapsa ngati kambewu kamodzi kakuphwanyika ndi kaphokoso mukakafinya pakati pa zala. Muikeni pambali m'beseni louma.

M'chiwaya chomwecho thirani mafuta, ndipo kazingani zotsalazo motsatira nthawi imene chilichonse chimafuna. Mtedza ndiwo uyambe popeza umachedwa kupsa. Ukafiira muuchotse, kenaka kazingani mbibu, ndipo pomaliza kokonati, amene amapserera m'kanthawi kochepa kwambiri. M'mafuta otsalawo ikani njere za mpiru ndi kudikira kuti zithetheke, kenaka onjezani tsabola wodula ndi masamba a curry amene mwawatsuka ndi kuwapukuta mpaka auma. Kazingani ziwirizi mpaka zitauma kotheratu, chifukwa chinyezi chilichonse chotsala mu tsabola kapena m'masamba chidzafewetsa chivda chonse m'chitini pakangotha masiku awiri. Chepetsani moto, thirani hing, turmeric, dalia ndi mchere wosinja, takasani kamodzi, ndipo nthawi yomweyo bwezerani poha, mtedza, mbibu ndi kokonati. Tembenuzani mofatsa kwa mphindi 3 kapena 4 mpaka poha yense akhale wachikasu. Phulani, wazani shuga chidakali chofunda, ndipo musatseke m'chitini chisanazizire kotheratu. Chimakhala milungu 2 kapena 3.

Thandai

Thandai ndi chakumwa cha Holi ndi cha Maha Shivaratri, chikondwerero cha mulungu Shiva, ndipo chimakondedwa kwambiri kumpoto kwa India, makamaka mumzinda wa Varanasi, kumene amachiperekera m'tizikho tadothi totchedwa kulhad. Dzina lake likuchokera ku liwu lachihindi loti thanda, kutanthauza kuzizira. M'madera ena a India amathiramo bhang, amene amapangidwa kuchokera ku masamba a chamba, koma chimenecho sichili m'malangizo ano ndipo thandai wa pabanja, womwa ana ndi akulu, alibe chimenecho.

Pa lita imodzi ya mkaka wokhala ndi mafuta ake onse, konzani maalimondi 20, mbibu 10, supuni 2 zazikulu za nthanga zosenda za mavwende, supuni imodzi yaikulu ya tinjere ta khus khus (pamapaketi ena timalembedwa kuti poppy seeds), supuni imodzi ndi theka ya saunf, njere 10 za tsabola wakuda, timakoko 6 ta elaichi, supuni imodzi ya maluwa a rozi ouma ogulitsidwa kuti adyedwe, safironi (tiulusi tofiira tokometsera) wotsina ndi zala, ndi supuni 5 zazikulu za shuga. Saunf ndi tinjere tobiriwira tozuna timene pamapaketi ena timalembedwa kuti fennel, ndipo ndito timene timapatsa thandai kakomedwe kake, choncho musatisiye. Nthanga za mavwende zikasowa, nthanga za maungu zosenda zingathandize, ngakhale kuti mtundu udzabiriwira pang'ono. Safironi ndi wodula, ndipo mukhoza kumusiya. Musathyole maluwa a rozi a m'munda wa maluwa ogulitsa, chifukwa kawirikawiri amapoperedwa mankhwala.

Viikani maalimondi paokha m'madzi ofunda, ndipo zina zonse, kupatula safironi ndi shuga, ziviikeni pamodzi m'kapu imodzi ya madzi kwa maola osachepera 4, kapena usiku wonse pamalo pozizira. M'mawa sendani maalimondi, amene khungu lake limavuka mosavuta mukawafinya ndi zala. Perani zonse pamodzi ndi madzi oviikirawo mpaka zikhale phala losalala. Kale ku India ntchito imeneyi inkachitika pa mwala wofanana ndi mphero yathu, ndipo ena amaterobe, koma makina opera amakwanira ngati mupera nthawi yokwanira; khus khus ndiye amachedwa kuphwanyika, choncho fikisani phalalo pakati pa zala kuti mumve ngati tinjere tatha. Wiritsani mkaka, thiranimo shuga ndi safironi, ndipo muuphule. Ukakhala wofunda, thiranimo phala lija, takasani bwino, vundikirani, ndipo ukazizira uikeni m'furiji kwa maola 3 kapena 4 kuti zokometsera zilowerere. Musasefe nthawiyi isanakwane, chifukwa mukafulumira mudzataya kukoma pamodzi ndi zotsalira. Pomaliza sefani ndi sefa ya mabowo aang'ono kapena kansalu, mukufinya zotsalirazo ndi supuni kuti madzi onse atuluke.

Thandai wabwino amayamba ndi kuzuna kwa mkaka ndi saunf, kenaka tsabola wakuda amamveka kukhosi pang'ono pomeza. Ngati tsabola sakumveka n'komwe, onjezani njere 3 kapena 4 ulendo wotsatira. Muperekeni wozizira kwambiri, ndipo musathiremo madzi oundana ambiri chifukwa amamusukulutsa. Popeza ndi mkaka, asungidwe m'furiji ndipo amwedwe asanathe masiku 2. Uzani alendo anu kuti zakudya zonse zitatuzi zili ndi mtedza, mbibu kapena maalimondi, chifukwa pali anthu amene matupi awo amadana nazo koopsa.

Kagawidwe ka ntchito

Ngati mukukonzekera Diwali, konzani ghee kudakali masiku 4, chivda tsiku lotsatira, ndipo laddu kudakali masiku 2, chifukwa amakoma kwambiri akagona usiku umodzi elaichi atalowerera. Musaike laddu ndi chivda m'chitini chimodzi, popeza chivda chimayamwa chinyezi ndipo laddu amatenga fungo la hing. Ku India Diwali imabwera mvula ya monsoon itatha m'madera ambiri, pamene kuno imagwa m'nyengo yotentha kwambiri, mvula yoyamba ili pafupi, ndipo ghee amasungunuka msanga. Choncho umbani laddu m'mawa kwambiri kapena madzulo dzuwa litapepa, chepetsani ghee ndi supuni imodzi poyamba, ndipo chitini chikhale m'chipinda chozizira, kutali ndi zenera. Pa Holi, viikani zosakaniza za thandai usiku, perani m'mawa, ndipo pofika masana, pamene anthu atopa ndi kuwazana utoto monga mwa mwambo wa tsikuli, chakumwa chidzakhala chitazizira bwino.